Khumi ndi Ziwiri

Nditapuma ntchito ya njanji ku Chipoka
ndinabwerera kwathu ku Khombedza
n'kugula ng'ombe zisanu.
Yoyamba ndinaitcha Penshoni
poti ndiyo inameza envulopu.

Zisanu sizilipira mbusa.
Ndinaphunzira chaka chomwecho.
Lufeyo afuna yake mwezi ukatha,
nkhupakupa sizidikira kuti ugulitse kaye thonje,
thole limodzi chaka chathunthu
nalonso kufa ndi mvula yoyamba.
Ine ndinkati ndikuweta ng'ombe,
kuno ng'ombe zikundibudula m'thumba.

"Onjezerani, mlamu," anatero a Chimbalanga
atatsamira mzati wa khola ngati lawo.
"Khola lodzaza ndiye banki."
Ndinaonjezera.
Sindinagulitse msoti, sindinaphe mtheno,
ngakhale pa ukwati wa mwana wanga tinadya mbuzi.
Zitafika makumi awiri ndi imodzi
akabaza ankaima kuti zidutse,
anthu n'kumandivulira chipewa
chifukwa cha fumbi.

Kenaka Okutobala uja.
Dambo lomwe bambo ankadyetsamo
linali litapanikizika:
uku mpunga wa eni, uku madimba,
uku njerwa za nyumba zatsopano,
chotsalacho lupsa la osaka mbewa.
Pansi pa msangu zinkalimbirana nyemba zake ndi mbuzi
ndipo mbuzi zinkapambana.
Madzulo ndikawerenga mitu inkakwana.
Nthiti nazo zinkawerengeka
ndili chiimire pakhonde.
Zinathyola mpanda wa dimba la a Nazimbiri,
kabichi yense psiti,
chindapusa chake kuposa mtengo wa thole.

Nagama ndiye anatola pensulo.
Anang'amba pepala m'kope la mdzukulu,
nalemba dibi, mchere, madeya, Lufeyo,
miyezi inayi yopanda msipu.
Anati, "Inu a njanji,
zaka makumi atatu mukuwerenga manambala pa bogi,
munaonapo yosenza mopyola zolembedwa
n'kukafika ku Balaka?"
Sindinayankhe.
Pansi pa mzere analemba khumi ndi ziwiri:
nkhunzi imodzi, mitheno iwiri ya pangolo,
zazikazi zobereka zisanu ndi ziwiri,
misoti iwiri yodzalowa m'malo.
Kuchepera apo, mbusa atidya.
Kupyola apo, chilimwe chizidya.

Che Sumaili anabwera ndi lole kuchokera ku Kamuzu Road.
Anatsina linunda lililonse, kutsonya,
kutchula mtengo akuyang'ana kumbali.
Zisanu ndi zitatu tinachita kukankha.
Yachisanu ndi chinayi inali Penshoni,
zaka zitatu osagwira bere, mano atatha.
Inakwera yokha.
Inazolowera kunditsata.

Ndalama zake ndi izo:
waya wa mpanda, matumba a madeya,
tsanja lomwe taunjikapo mapesi
ndi udzu wa mpunga womwe eni ake ankangootcha.
A Chimbalanga akadutsa amasuzumira m'khola
n'kufunsa ngati munagwa mliri.
Akabaza saimanso.
Koma chilimwe chino palibe yadzutsidwa ndi mchira,
ngolo yatuta mchenga mpaka ku Thavite,
Lufeyo walandira tsiku lake,
ndipo matole awiri a chaka chatha
alipira fizi osakongola.

Lufeyo pokusa madzulo amaiwala,
amaitanabe, "Penshoni! Iwe Penshoni!"
Kenaka amakhosomola, n'kumenya chikwapu pansi.
Ine ndimakhala ngati ndikumanga nsapato.

Lero m'mbandakucha Bogi wabereka.
Kamsoti, kofiira, banga loyera pamphumi
pomwe panali la agogo ake.
Kaima, kagwa, kaimanso,
kakufunafuna bere kumiyendo yakutsogolo.
Nagama wabwera, pensulo pakhutu,
wawerenga ndi chala,
wafika khumi ndi zitatu, wandiyang'ana.

Ndati, msipu ukadalipo, mayi,
ndi Malichi uno.
Wati, Okutobala sanasamuke.
Ndati, ndamva.
Koma musalembe kaye.
Kayambe kauma.